TISAGULE MANKHWALA TISANAIDZIWE NTHENDA

Abale ndi alongo a nthambi ino, mwezi uno tifuna kunena za matimati, ndipo tinena mosabisa. M'madimba mwathu mwalowa chizolowezi chimene chikudya ndalama za anthu osauka monga mbozi idyera chipatso. Munthu akaona masamba a matimati ake asanduka achikasu kapena ayamba kufota, sayima kuti ayang'anitsitse. Athamangira kumsika, apeza wogulitsa mankhwala wakhala pansi pa mtengo, namuuza kuti, "Matimati anga akupsa." Wogulitsayo sanalione dimbalo, sanagwire tsamba ngakhale limodzi, koma nthawi yomweyo atulutsa kabotolo kopanda dzina nati, "Awa ndiwo amphamvu, amapha chilichonse." Mlimi alipira, apopera, adikira sabata, ndipo nthenda iri pomwepo. Abwereranso kwa munthu yemweyo, agula kabotolo kena, ndipo ndalama ya fizi ya mwana yathera m'madzi a m'sipuleya.

Ife tikana malonda otere. Palibe mankhwala opha chilichonse, ndipo munthu amene anena kuti ali nawo akunama, kapena sadziwa chimene agulitsa. Kuchipatala dokotala amayamba wakuyezani asanakupatseni mankhwala, pakuti mutu umapweteka ndi malungo, umapwetekanso ndi njala, ndipo munthu wa njala sachira ndi mankhwala a malungo. Mbewu iri chimodzimodzi. Tsamba lachikasu likhoza kunena zinthu zisanu zosiyana, ndipo kufota kukhoza kuchokera ku mizu, ku tsinde, kapena ku ludzu chabe.

Adani a matimati ali m'magulu, ndipo gulu lirilonse liri ndi njira yake. Pali tizilombo todya ndi toyamwa, monga mbozi, nsabwe za masamba ndi akangaude ofiira. Pali nthenda za mtundu wa chuku, monga chiwawu. Pali mabakiteriya okhala m'nthaka. Pali mavairasi, amene amanyamulidwa ndi tizilombo kapena ndi manja athu omwe. Ndipo pali mavuto ena amene sali nthenda konse, koma njala ya mbewu kapena kuthirira kosalongosoka. Mankhwala a mbozi, monga cypermethrin, sapha chiwawu. Mankhwala a chiwawu, monga Dithane kapena aja a kopa, sapha mbozi. Ndipo mbewu imene yagwidwa ndi vairasi, kapena ndi mabakiteriya ofooketsa, palibe botolo pa dziko lapansi limene lingaichiritse. Mlimi amene wagwira mfundo imeneyi yokha wapulumutsa kale ndalama zambiri.

Tiyambe ndi kufota, chifukwa ndi kumene anthu amanyengedwa kwambiri. Mukaona tsinde la matimati lafota masana masamba ali obiriwira bwino, nkutsitsimuka usiku, kenaka patapita masiku ochepa lafoteratu ngakhale nthaka iri yonyowa, musagule kanthu. Tengani mpeni woyera, dulani tsindelo pafupi ndi nthaka, ndipo kachidutswako kaviikeni kunsonga m'tambula yagalasi ya madzi oyera, osagwedeza. Dikirani mphindi zochepa. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika m'madzimo kuchokera pa bala, dziwani kuti ndi mabakiteriya atseka njira za madzi m'tsinde. Mankhwala ake palibe. Zulani mbewuyo pamodzi ndi dothi la kumizu, kaitentheni kunja kwa dimba, ndipo musalole madzi othirira kuyenda kuchokera pamalo amenewo kupita ku mizere ina. Mpeni ndi khasu zitsukidwe, pakuti nazonso zimanyamula nthendayi. Pamalo amenewo pasabzalidwe matimati, mbatatesi, tsabola, mabilinganya kapena fodya kwa zaka zingapo, chifukwa mbewu zonsezi ndi za banja limodzi ndipo zimadwala nthenda zofanana. Bzalanipo chimanga.

Koma madzi a m'tambula akakhala oyera, funsani mizu. Zulani tsinde limodzi lofooka ndi kuitsuka mizu yake. Mukaipeza yotupatupa, yodzaza timfundo ngati mikanda, ndiye kuti muli tinyongolotsi ting'onoting'ono ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, timene timakonda dothi lamchenga ndi malo obzalidwa matimati chaka ndi chaka. Musasokoneze timfundo timeneti ndi tija ta ku mizu ya nyemba ndi mtedza, timene ndi tabwino ndipo timathothoka mukatikanda ndi chala. Ta nthenda sitithothoka, pakuti ndi muzu weniweniwo watupa. Kupopera masamba a mbewu yotere kuli ngati kudzola mafuta kumutu pamene chilonda chiri kuphazi. Njira yake ndi kasinthasintha wa mbewu, manyowa okwanira, ndi kusamala nazale kuti mbande zisachoke nato kumeneko. Alimi a fodya adziwa kale kutentha mapesi pa bedi la nazale asanafese, ndipo nzeru yomweyo ithandiza pa matimati. Mizu ikakhala yosalala koma masamba akuchita chikasu kuyambira pansi, kawirikawiri mbali imodzi ya mbewu, ng'ambani tsinde mlitali. Mukaona mizere yofiirira m'kati, imeneyo ndi nthenda ina ya m'nthaka ya mtundu wa chuku, ndipo nayonso sichira ndi kupopera.

Tsono chiwawu. Dzina ndi limodzi koma nthenda ndi ziwiri, ndipo kusiyana kwake nkofunika. Choyamba chimayambira pa masamba akale a pansi, ndi madontho ofiirira okhala ndi mizere yozungulira m'kati mwake, ina m'kati mwa inzake, ndi chikasu m'mbali. Chimakwera pang'onopang'ono, ndipo chimakonda mbewu yanjala ndi yotopa ndi kubereka. Mukathothola masamba apansiwo, nkuphimbira nthaka ndi udzu kuti dothi lisathovukire ku masamba, nkuipatsa mbewu chakudya, mwachita zambiri. Chachiwiri ndicho choopsa. Chimabwera nyengo ikakhala yozizira ndi yachinyezi, m'dzinja kapena pamene chiperoni chakhazikika, ndipo anthu a malo okwera monga Tsangano, Bembeke ndi Thyolo achidziwa bwino. Madontho ake ndi aakulu, ooneka ngati tsamba lathiridwa madzi otentha, ndipo m'mawa mukatembenuza tsambalo mupeza chuku choyera m'mbali mwa donthopo. Tsinde lida, chipatso chichita zigamba zofiirira zolimba, ndipo dimba lonse likhoza kutha m'sabata imodzi kapena ziwiri. Nthenda yomweyi ndiyo idaononga mbatatesi ku Ireland kuyambira m'chaka cha 1845, ndipo pa njala imene idatsatira anthu pafupifupi miliyoni imodzi adafa. Pa chiwawu ichi mankhwala ali ndi malo ake, ndipo sitikana. Koma mudziwe kuti Dithane ndi mankhwala a kopa amateteza tsamba lamoyo, saukitsa tsamba lakufa. Apoperedwe nyengo yoopsayo ikayamba, nthenda isanafalikire. Amene akugulitsani paketi dimba litada kale akugulitsani maliro.

Za akangaude ofiira tinene mwamphamvu, pakuti apa ndi pamene mankhwala olakwika amaonjeza nthenda m'malo moichotsa. Akangaudewa amabwera m'chilimwe, makamaka kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, pamene kuli kotentha ndi kouma. Tsamba liyamba ndi timadontho toyera tochuluka ngati lathiridwa ufa, kenaka lifiira ndi kuuma, ndipo pomaliza muona ulusi wopyapyala utakuta nsonga za mbewu. Ambiri amati ndi dzuwa, ena amati ndi chiwawu. Tengani pepala loyera la m'kope la mwana wasukulu, liikeni pansi pa tsamba, gogodani tsambalo ndi chala. Mukaona timadontho tofiira tikuyenda papepala, mwampeza mdani. Mtundu wa akangaude umene umasautsa matimati kuno kwawo ndi ku South America, ndipo udaoneka ku Zimbabwe m'chaka cha 1979 usanafalikire m'maiko oyandikana. Tizilomboti tiri ndi miyendo isanu ndi itatu ngati kangaude wa m'nyumba, ndipo mankhwala wamba a mbozi satipha bwino. Chimene mankhwalawo amapha ndi tizilombo tabwino timene timadya akangaudewo. Chotero mlimi apopera cypermethrin kawiri katatu, ndipo akangaude achuluka kuposa kale, iye nkumati mankhwala anali ochepa. Akangaude ali ndi mankhwala awoawo, ndipo ayenera kufika kunsi kwa tsamba kumene amakhala. Koma choyamba ndi kuzula ndi kutentha zotsalira za mbewu yakale, ndi kusabzala mbande zatsopano pafupi ndi dimba lakale lodwala.

Mdani watsopano ndi kambozi kotchedwa Tuta absoluta. Nakonso kwawo ndi ku South America. Kadafika ku Spain m'chaka cha 2006, ku Tanzania mu 2014, ku Zambia ndi South Africa mu 2016, ndipo m'madimba a Malawi muno kadalowa kale. M'chaka chomwecho cha 2016 kadaononga matimati kumpoto kwa Nigeria kotero kuti boma la chigawo cha Kaduna lidalengeza kuti kwagwa ngozi. Mayi wake ndi kagulugufe kakang'ono kotuwa kouluka madzulo, kamene kakhoza kuikira mazira oposa mazana awiri, ndipo nyengo yotentha mbadwo umodzi umatha pafupifupi mwezi umodzi. Kambozika kamalowa m'kati mwa tsamba ndi kudya mnofu wake, kusiya zigamba zoyera zoonekera ngati pepala, ndi timatuvi takuda m'kati mwake. Kwezani tsambalo kudzuwa ndipo mudzakaona. Kamaboolanso chipatso pafupi ndi phesi, ndi timabowo tating'ono. Tisakasokoneze ndi kamphutsi kena kamene kamalemba timizere topyapyala tokhotakhota pa tsamba, kapena ndi mbozi yaikulu ija ya thonje ndi chimanga, imene imaboola bowo lalikulu lozungulira ndi kudya mutu uli m'kati, thupi liri kunja. Popeza Tuta amakhala m'kati mwa tsamba, mankhwala ongokhudza pamwamba samufika bwino, ndipo kumene alimi apopera mankhwala amodzimodzi mobwerezabwereza iye amawazolowera msanga. Munthu mmodzi sangathane naye pamene dimba la mnzake wa pafupi lasiyidwa ndi mapesi akale odzaza mazira.

Mukaona mbewu yapinimbira, masamba a kunsonga ali ang'onoang'ono, opindikira m'mwamba ngati supuni, achikasu m'mphepete, ndipo maluwa akuyoyoka, gwedezani mbewuyo. Tikauluka tizilombo toyera ngati phulusa, mwadziwa amene wabweretsa vairasi. Mbewu imeneyo sichira, ndipo kuisunga ndi kusunga moto m'nkhokwe. Izulidwe msanga. Inu abambo osuta fodya, dziwaninso kuti pali vairasi ya fodya imene imakhala m'manja ndipo imalowa m'matimati pothena mphukira ndi pomanga mbewu ku timitengo. Sambani m'manja ndi sopo musanalowe m'dimba.

Pomaliza pali vuto limene amayi ambiri amalirira nalo, la chipatso chakuda kumatako, ndi chigamba chouma cholowa m'kati ngati chikopa. Imeneyi si mbozi, si chuku, ndipo si munthu wa nsanje wapita m'dimba usiku. Chipatso chasowa mchere wa kashiyamu pamene chinali kukula, ndipo kawirikawiri chifukwa chake nchakuti nthaka ikuuma kwambiri lero nkumizidwa mawa, mwakuti mizu sikutha kukoka chakudyacho mosalekeza. Mankhwala ake ndi kheni ndi udzu wophimbira. Thirirani mofanana, pansi pa tsinde osati pamasamba. Chimodzimodzi masamba a pansi akachita chikasu chosalala chopanda madontho, mbewu yonse ili yotuwa, imeneyo ndi njala, ndipo yankho lake ndi manyowa kapena feteleza.

Tidziwa zimene ena adzatiyankha. Adzati, "Alangizi ali kutali, ndipo matimati sadikira." Nzoona kuti mlangizi mmodzi amayendera midzi yambiri. Koma taonani zida zimene tatchula m'kalata ino: mpeni, tambula ya madzi, pepala loyera, ndi maso. Palibe chimene chifuna ndalama kapena ulendo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ola limodzi loyang'anitsitsa kunsi kwa masamba, ku mizu ndi m'kati mwa tsinde liposa masabata awiri odikira mankhwala olakwika. Ena adzati, "Bola kusakaniza onse m'sipuleya imodzi, amodzi mwa iwo adzagwira." Amenewa tiwafunse: kodi mwana wanu akadwala mumam'mwetsa mankhwala onse a m'nyumba kuti amodzi agwire? Kusakaniza kotere kumatentha masamba, kumapha njuchi ndi tizilombo tothandiza, ndipo mulipira katatu pa nthenda imodzi. Enanso adzati wogulitsa uja ndi mwana wa m'mudzi mwathu, naye afuna kudya. Adye ndithu, koma asadye thukuta la mayi wamasiye pomugulitsa madzi a mtundu wosadziwika m'botolo la zakumwa.

Ndipo nkhaniyi si ya ndalama yokha. Botolo lopanda chizindikiro silikuuzani muyeso wake, silikuuzani masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo mwana akamwa mwangozi simudziwa chokamuuza dokotala. Tonse taona pamsika matimati otuwa ndi ufa wa mankhwala, ndipo matimati amenewo amathera mu ndiwo za ana athu omwe. Taonanso anyamata akupopera opanda nsapato, opanda chophimba kukamwa, moyang'anizana ndi mphepo, kenaka nkukatsuka sipuleya pa chitsime chimene mudzi umatungapo. Dziko lino liri ndi lamulo la mankhwala a mbewu la chaka cha 2000, limene lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, ndipo lamulolo lifuna kuti mankhwala akhale olembetsedwa, okhala ndi chizindikiro chake, ndi kuti wogulitsa akhale ndi chilolezo. Mlimi ali ndi ufulu wofunsa chilolezo chimenecho. Kufunsa si mwano. Safunsa adadya phula.

Chifukwa chake ife a komiti ya nthambi tipempha mamembala onse zinthu izi. Choyamba, aliyense wolima matimati aziyendera dimba lake kawiri pa sabata m'mawa, kutembenuza masamba, osangoyang'ana ali chiimire kumalire. Chachiwiri, pa msonkhano uliwonse wa nthambi, amene mbewu yake yadwala abwere nayo yathunthu, mizu ndi dothi lomwe, yokulungidwa m'pepala lapulasitiki kuti isafalitse nthenda m'njira, ndipo tidzaiyang'ana pamodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pakati pathu pali agogo amene alima dimba zaka makumi anayi. Chachitatu, chimene chatikanika tidzachitengera kwa alangizi a zaulimi. Kuyambira m'chaka cha 2013 m'maboma ena mudayambitsidwa zipatala za mbewu, mothandizana ndi bungwe la CABI, kumene mlimi amapita ndi mbewu yodwala ndi kulandira malangizo olembedwa, ndipo ku Bvumbwe ku Thyolo kuli malo a boma ofufuzira za ndiwo zamasamba ndi zipatso. Kumene chipatala chotere chilipo tipiteko, ndipo kumene kulibe nthambi idzalemba kalata yopempha kuti mlangizi adzakhale nafe tsiku la msika. Chachinayi, membala asagule mankhwala opanda chizindikiro, ngakhale atatsika mtengo motani, ndipo amene satha kuwerenga abwere nalo botolo kwa mlembi kapena kwa mwana wasukulu wamkulu kuti amuwerengere asanatsegule. Chachisanu, eni madimba oyandikana agwirizane tsiku limodzi lozula ndi kutentha mapesi akale akatha kukolola, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chiri kwa iwe.

Aphunzitsi anzathu a m'sukulu zozungulira tiwapempha kuti aonetse ana njira ya tambula ndi ya pepala loyera m'dimba la sukulu. Mwana wa Sitandade 6 akhoza kuziphunzira tsiku limodzi, ndipo madzulo omwewo adzakaonetsa amake.

Pali anthu amene amapindula mlimi akakhala wosadziwa, ndipo iwo sadzakondwera ndi kalata ino. Ife sitilembera iwo. Tilembera inu amene mumadzuka tambala woyamba kukathirira, amene mumasenza dengu kupita ku msewu ndi kukangana ndi ogula pa mtengo wa beseni. Ndalama imeneyo mwaivutikira, ndipo isachoke m'manja mwanu musanadziwe dzina la nthenda imene mukulimbana nayo. Pa msonkhano ukudzawu bwerani ndi mbewu zanu zodwala, ndipo amene ali ndi tambula yagalasi abwere nayo.

Ndife anu,
Mlembi wa Nthambi, m'malo mwa Komiti